inet_pton ikundipatsa adiresi yobwerera chambuyo, /32 ikugwira koma /24 ayi

kachere_sys

Akuluakulu thandizeni msanga. Ndili ndi kapulogalamu ka C pa Linux, x86_64, kamawerenga fayilo ya ma subnet ololedwa n'kumaona ngati adiresi ya wolumikiza ili m'gululo. Mzere ndimaudula pa slash, mbali ya kumanzere ipite ku inet_pton(AF_INET) yotembenuza adiresi yolembedwa kukhala ma byte, ya kumanja, imene ndi prefix, ku strtol yoisandutsa nambala, mask ndimapanga 0xFFFFFFFF << (32 - prefix), kenako (ip & mask) == (net & mask). Ndi zomwezo basi. Mizere ya /32 ikugwira bwinobwino. Koma ndikalemba 192.0.2.0/24, adiresi 192.0.2.77 ikukanidwa, ndipo choopsa n'chakuti 10.0.2.0 ikulowa pa mzere womwewo. Ndasindikiza s_addr ndi ma shift a 24, 16 ndi 8, ikutuluka 77.2.0.192. Kodi glibc, library ya C imene muli inet_pton, ndi imene ikutembenuza? Eni ntchito akundidikira. Za Python musandiuze chonde, izi zikupita m'kabokosi kopanda interpreter.

Nabanda_net

Achimwene, inet_pton ili bwino. Imalemba mu network byte order, kutanthauza byte yapamwamba patsogolo, ndiye mu memory muli C0 00 02 4D motsatana choncho. Makina anuwo ndi a little-endian, amatenga byte yoyamba ngati yotsikitsitsa, ndiye akamawerenga ma byte anayiwo ngati uint32 akuona 0x4D0200C0. Mask yanu mwaipanga mu host order, dongosolo la makina anuwo, 0xFFFFFF00, imene ikufufuta byte yotsikitsitsa, ndipo byte yotsikitsitsayo pamenepa ndi C0, 192 uja. Ndiye code yanu ikutaya octet yoyamba n'kumafananitsa zitatu zotsalazo. N'chifukwa chake 10.0.2.0 ikudutsa. Chilichonse chothera .0.2.0 chidutsa. /32 ikugwira chifukwa FF anayi amaoneka chimodzimodzi kaya muwawerenge kuchokera mbali iti.

Ikani htonl (yochotsa ku host order kupita ku network order) pa mask, kapena ntohl (yobwezera ku host order) pa ma adiresi onse awiri. Musachite zonse ziwiri. Ine ndimatembenuza kamodzi pamene adiresi ikulowa, ndipo variable ndimaipatsa dzina lothera _h kapena _n kuti wobwera pambuyo adziwe chimene wagwira.

mkulu_wa_ma_router

Zimene anena achemwaliwa n'zoona, koma akuchiza chizindikiro. Matenda ndi uint32 yomweyo. Adiresi si nambala yoti muziiphatikiza ndi kuichotsera, ndi mndandanda wa ma byte. Isungeni mu unsigned char addr[16], pambali pake family ndi prefix. Pofananitsa, memcmp pa ma byte okwana prefix / 8, ndipo ma bit akatsala, byte imodzi yotsatirayo muipange mask ndi 0xFF << (8 - prefix % 8). Pamenepo palibe htonl, palibe endianness, ndipo function yomweyo igwira IPv6 mawa. Ma bit 128 simudzawalowetsa mu uint32 ngakhale mutalimbana nawo bwanji.

Phiri_C99

Musanapite kutali, onani shift yanuyo. Prefix ikakhala 0 mukupanga shift ya 32 pa nambala ya ma bit 32, ndipo mu C imeneyo ndi undefined behaviour, chinenerocho sichilonjeza chimene chituluke. Pa x86 instruction ya shift imangotenga ma bit asanu a m'munsi a nambala yosunthirayo, ndiye 32 imasanduka 0, mask n'kutuluka 0xFFFFFFFF. Zotsatira zake 0.0.0.0/0, yoti ilole aliyense, imakana pafupifupi aliyense. Ndipo compiler ikakhala pa -O2 ikhoza kupereka yankho lina kusiyana ndi pa -O0, ndiye mukhoza kuyesa n'kuona zikuyenda, kenako pa build ya kwa kasitomala zisinthe. Prefix 0 muigwire payokha. Yendetsaninso ndi -fsanitize=undefined, ikulozerani mzere wake.

Za strtol: mukuona endptr, yosonyeza pamene yalekezera kuwerenga? "/24abc", "/-1", "/33" ndi slash yopanda kanthu kutsogolo kwake, zonsezi ziyenera kukanidwa. Slash yopanda kanthuyo strtol imabweza 0, ndipo mukadzakonza nkhani ya prefix 0 ija, mzere wolembedwa molakwika udzasanduka /0 n'kutsegulira dziko lonse.

Nachisale_ops

Ndiwonjezere zimene zinandigwera pa malo ena amene ndinkagwirako. Munthu wina anafuna kuti fayilo ya ma adiresi izioneka mwadongosolo, ndiye anadzaza ma zero kutsogolo kuti mizati ifanane, 010.020.000.005. Chida chimene chinkayendera fayiloyo chinkawerenga ngati decimal, n'kuvomereza kuti ndi 10.20.0.5. Koma daemon yeniyeniyo inkagwiritsa ntchito inet_aton, ndipo kwa inet_aton zero wa kutsogolo amatanthauza octal, kuwerenga kwa base 8. 010 ndi 8, 020 ndi 16. Malamulo athu anali kulola 8.16.0.5, adiresi ya pa intaneti ya anthu ena, pamene seva yathu ya mkati ikukanidwa. Tinasakasaka pa ma switch, pa firewall, pa routing, osaganizako n'komwe za fayilo imene aliyense ankaiwerenga ndi maso n'kuona kuti ili bwino.

Si ife tokha. Mu 2021 nkhani ya ma zero yomweyi inatulukira mu ipaddress ya Python, CVE-2021-29921, ndipo kuyambira 3.9.5 anayamba kuwakana. Go anachita chimodzimodzi pa ParseIP mu 1.17. Package ya netmask ya npm nayonso inapezeka ndi vutoli chaka chomwecho. inet_aton imalandiranso 127.1 ndi za hex monga 0x7f.1, ndiye musadzaiike pamalo okhudza chitetezo. inet_pton ya glibc imafuna zigawo zinayi za decimal, ma zero a kutsogolo imawakana. Koma imakana pobweza 0, osati -1. Ndaonapo code yambiri yongoyesa < 0, n'kupitiriza ndi buffer imene sinalembedwe kanthu. Yesani == 1.

kachere_sys

Zikomo nonse, htonl ndikuika pa mask ndipo prefix 0 ndiipatula. A mkulu_wa_ma_router, IPv6 palibe pa netiweki imeneyi, sindingalembenso zonse lero. Funso lina: mu fayilomo ndapeza mizere ngati 198.51.100.9/24. Ndingoipanga mask mwakachetechete kapena ndiikane?

mkulu_wa_ma_router

Bambo, mawu akuti IPv6 palibe ndawamva kwa anthu ambiri. Sizifunika kuti netiweki yanu ikhale nayo. Tsiku limene wina adzasinthe socket yomvetsera kukhala AF_INET6 n'kuimanga pa ::, Linux mwachizolowezi idzalandiranso ma kasitomala a IPv4 pa socket yomweyo, pokhapokha IPV6_V6ONLY itayatsidwa. Adzafika ngati ::ffff:192.0.2.77. Code yanu ikadzatenga sockaddr imeneyo ngati sockaddr_in, pamalo a sin_addr idzawerenga flowinfo, gawo lina la sockaddr_in6, osati adiresi. Ntchito imene ndikunenayi ndi function imodzi yaifupi. Ma byte 16 ndi memcmp.

Nabanda_net

Pa funso la host bits, ma bit a kuseri kwa prefix ngati .9 ija, ikaneni, ndipo musindikize nambala ya mzere. Amene analemba 198.51.100.9/24 simukudziwa ngati ankafuna makina amodziwo kapena subnet yonse. Nthawi zambiri amakhala atakopera zimene ip addr yaonetsa pa interface. Mukangopanga mask mwakachetechete, mwalola ma adiresi 256 pamene mwina ankafuna imodzi. Onani mmene ena anachitira: PostgreSQL ili ndi mitundu iwiri, cidr imakana adiresi yokhala ndi host bits pamene inet imalandira, ndipo ip_network ya Python imaponya ValueError pokhapokha mutaika strict=False. Anasiyanitsa dala. Kuyesa kwake n'kosavuta: net & ~mask ikapanda kukhala zero, mzere ndi wolakwika.

Tembo_dba

Ngati ma adiresiwa mudzawasunge mu database, samalani ndi mtundu wa column. Ndinalandirapo table ya MySQL imene wina anaika zotuluka mu INET_ATON mu INT wamba, ya signed, strict mode ili yozimitsa. INT yotere imathera pa 2147483647, imene ndi 127.255.255.255. Adiresi iliyonse yoyambira 128.0.0.0 kupita m'mwamba inkadulidwa n'kusungidwa ngati nambala imeneyo. Tsiku limene anafuna kudziwa amene analowa mu akaunti ina, mizere yambirimbiri inali kunena 127.255.255.255, ndipo panalibe njira yobwezera chifukwa zolemba zoyambirira anali atazitaya kale. Pamafunika INT UNSIGNED. Zinandiwawa chifukwa panali munthu amene ankafunikiradi yankho limenelo.

mkulu_wa_ma_router

A Tembo, nkhani yanuyo ikuchitira umboni zomwe ndikunena. Signed, unsigned, host order, network order, zonsezi zimabwera chifukwa choika adiresi mu integer. INET6_ATON ndi VARBINARY(16), nkhani yatha.

Tembo_dba

Sinathe kwenikweni akulu. INET6_ATON imabweza ma byte 4 pa IPv4 ndi 16 pa IPv6, ndiye 192.0.2.77 ndi ::ffff:192.0.2.77 zimasungidwa mosiyana mu column yomweyo ndipo WHERE sidzaziona ngati chinthu chimodzi. Muyenerabe kusankha maonekedwe amodzi musanalembe.

Phiri_C99

Popeza mwayamba kusindikiza ma adiresi pofufuza, musagwiritse inet_ntoa. Imabweza pointer ya buffer imodzi yomweyo nthawi zonse, ndiye mukaiitana kawiri mu printf imodzi, ip ndi net zituluka zofanana ndipo mudzakhulupirira kuti zafananadi. inet_ntop ndi buffer yanuyanu, INET_ADDRSTRLEN ndi 16, INET6_ADDRSTRLEN ndi 46. Ndiponso musadzafananitse ma adiresi ndi strcmp. 2001:db8::1 ndi 2001:0DB8:0:0:0:0:0:1 ndi adiresi imodzi. RFC 5952 ya mu 2010 inaika kalembedwe kamodzi koyenera, zilembo zing'onozing'ono, ma zero a kutsogolo kuchotsa, koma imati pulogalamu izilandirabe malembedwe ena onse ovomerezeka. Tembenuzani kaye kukhala binary, kenako fananitsani.

mkulu_wa_ma_router

Binary yake ya ma byte 16. Ndikubwerezanso chifukwa amene adzatenge code imeneyi pambuyo pa a kachere ndi amene adzavutike.

Nachisale_ops

Tikadali pa ma prefix a m'mphepete, alipo amene library yake imagwira bwino /31? Chida chathu cha inventory chimawerengera ma host pochotsa 2 pa kukula kwa subnet, ndiye pa /31 chimati 0, pa /32 chimati -1, ndipo chimakana kusunga ma link athu a pakati pa ma router. RFC 3021 inalola /31 pa point-to-point kuyambira mu 2000, ma adiresi onse awiri n'kugwiritsidwa ntchito, popanda broadcast. Panopa tikungowalemba ngati /30 mu chidacho pamene pa router ali /31, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina wina adzapereka adiresi imene ili kale pa link yoyandikana nayo.

Nabanda_net

hosts() ya ipaddress ya Python imapereka onse awiri pa /31. Chida chanucho chinalembedwa m'chinenero chanji, achemwali? Ngati code yake muli nayo, tumizani function yowerengerayo tiione.