Maliro a Gatsby andisowetsa tulo: wovunda weniweni ndani m'bukuli?

Wa ku Malindi:

Abale anga, pali funso landikhala pamtima sabata ziwiri tsopano. Ndimagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina m'mbali mwa nyanja, njira ya ku Monkey Bay. Mlendo wina anaiwala buku m'chipinda, The Great Gatsby la F. Scott Fitzgerald, ndipo titamuimbira anati tingolisunga. Ndakhala ndikuliwerenga usiku ndikaweruka, dikishonale ya pafoni ili pambali, chifukwa Chingerezi chake si chija tinasiyira ku Fomu 4.

Kwa amene simunaliwerenge, linatuluka mu 1925, koma nkhani yake ndi ya mu 1922, ku Long Island kufupi ndi New York. Kuli magombe awiri oyang'anizana, madzi pakati, monga mmene kwathu ku Malindi kumaonekera ukaima tsidya lino. Ku East Egg kumakhala obadwira m'chuma, ngati Tom Buchanan ndi mkazi wake Daisy. Ku West Egg kumakhala opeza ndalama dzulodzuloli, ndipo Gatsby ndi mmodzi wa iwo. Dzina lake lenileni ndi James Gatz, mwana wa alimi osauka a ku North Dakota. Ali ndi zaka 17 ankangoyendayenda m'mbali mwa Lake Superior, kugwira nsomba kuti apeze chakudya, mpaka tsiku lomwe anapalasa kabwato kukachenjeza mwini boti lalikulu, Dan Cody, kuti kukubwera mphepo. Tsiku lomwelo anasintha dzina. Nditafika pamenepo ndinaliika kaye pansi bukulo, chifukwa ndinaona nkhope za anyamata a ku Chembe omwe ndimawadziwa, aja amathamangira mlendo aliyense akatsika pagalimoto poganiza kuti mwina uyu ndiye anditulutsa muno.

Ndalama zake anazipeza m'njira zokhota. Kuyambira mu 1920 malamulo a ku America ankaletsa kugulitsa mowa, iye n'kumaugulitsa mobisa kudzera m'masitolo a mankhwala. Anagula chinyumba moyang'anizana ndi kwa Daisy, mkazi amene anakondana naye mu 1917 ali msilikali wopanda kanthu. Usiku ankaima panja kuyang'ana nyali yobiriwira ya padoko la kwa Daisy. Mapwando ankachititsa mlungu ndi mlungu, anthu mazanamazana kubwera osaitanidwa, kudya, kumwa, n'kumamujeda ali m'nyumba mwake momwemo.

Chandivuta ndi maliro ake. Munthu wodyetsa anthu chonchi, pomuika kunali mnzake Nick amene akusimba nkhaniyi m'bukumo, bambo ake okalamba ochokera ku Minnesota, m'busa, antchito anayi kapena asanu, wa positi, ndi mkulu wina wa magalasi amene anawapeza kumanda mvula ikugwa. Basi. Wina amene ankagona m'nyumbamo ulere anaimba foni, osati kupepesa maliro, koma kufunsa nsapato zake zomwe anasiya. Daisy sanatumize ngakhale uthenga kapena duwa. Chonsecho ndi Daisy amene ankayendetsa galimoto yachikasu ya Gatsby pamene inagunda ndi kupha Myrtle, chibwenzi cha Tom yemwe anali mkazi wa makanika wosauka, Gatsby n'kusankha kusenza mlanduwo, ndipo ndi Tom amene analozera mwamuna wa Myrtle kwa Gatsby, mwamunayo n'kukamuwombera, kenako n'kudziwombera yekha.

Kwathu kuno maliro n'kulirana. Ngakhale munthu amene tinkamuti ndi wakuba timakamuika, anyamata amakumba manda, amayi amaphika. Ndiye ndithandizeni. Kodi wolembayu akufuna kutiuza kuti chuma chimavunditsa munthu aliyense? Kapena wovunda ndi uyu wobadwira m'chuma yekha? Nanga Gatsby, wa ndalama zakubayu, bwanji ndikumumvera chisoni chonchi?

Wa ku Makanjira, ndili ku Joni:

Achimwene, bukulo sindinaliwerenge, ndinaonera filimu yake ya mu 2013 ija muli Leonardo DiCaprio. Koma chisoni chanucho ndikuchimvetsa bwino. Ife tikabwera kumudzi pa Disembala ndi njinga yamoto ndi malata, tsiku loyamba aliyense ndi m'bale wako. Amamwa zoziziritsa kukhosi zako, amakupempha ya sopo, ukangotembenuka ayamba: ameneyu anakhwima, ndalama zake n'zamagazi. Sadziwa kuti umagona anthu asanu m'kachipinda kamodzi, kuthawa apolisi chifukwa cha mapepala. Gatsby nayenso ankamunena kuti anapha munthu, ena ati ndi kazitape wa ku Germany, koma mowa wake ankamwa. Kwa ine iyeyo alibe mlandu. Mwana wosauka alibe njira yowongoka yoti adutse, misewu yonse yabwino anaitseka kale eni ake. Ovunda ndi odya za mnzawo n'kuthawa maliro.

Mphunzitsi wopuma, Mpondasi:

Ana anga, mwandikumbutsa masiku a choko. Ndiyambe ndi iwe wa ku Joni. Usamuchape kwambiri Gatsby. Mnzake wa bizinesi m'bukumo, Meyer Wolfsheim, akunenedwa kuti ndiye anagula masewero akuluakulu a baseball a mu 1919, ndipo chinyengo chimenecho chinachitikadi m'mbiri ya America. Gatsby atamwalira kunabweranso foni yochokera ku Chicago yonena za mnyamata wawo amene wagwidwa ndi mapepala a ndalama okayikitsa. Munthuyu manja ake sanali oyera, ndipo Nick mwini wake akunena kuti sankagwirizana ndi zochita zake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Kugona asanu m'chipinda kuti utumize ndalama kumudzi ndi thukuta. Za Gatsby zinali zina.

Koma funso la mwana wa ku Malindi ndi lakale kuposa Fitzgerald. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, kunabwera njanji, mafuta ndi zitsulo, ndipo anthu ochepa analemera modabwitsa. Mark Twain ndi Charles Dudley Warner analemba buku mu 1873 lotchedwa The Gilded Age, ndipo dzinalo linasanduka dzina la nyengo yonseyo. Tanthauzo lake ndi chinthu chopakidwa golide pamwamba pokha. Ife timati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Buku limene ndikufuna ulifunefune ndi The House of Mirth la Edith Wharton, la mu 1905. Mayi ameneyu anabadwira m'banja lolemera la ku New York, choncho ankalemba za anthu amene ankadya nawo patebulo limodzi. Mtsikana wa m'nkhaniyo, Lily Bart, ali ndi zaka 29, ndi wokongola, waleredwa ngati mwana wa olemera koma chuma cha makolo ake chinatha. Ntchito yokhayo imene anamuphunzitsa ndi kukwatiwa ndi mwamuna wachuma. Mayi wina wolemera, Bertha Dorset, amene ankazembera mwamuna wake, anamunamizira Lily kuti abise zake. Anthu onse ankadziwa khalidwe la Bertha, koma anakhulupirira iyeyo, chifukwa ndi amene anali ndi nyumba yayikulu ndi mapwando oitanirako anthu. Lily anatsika pang'onopang'ono mpaka kukasoka zipewa, ndipo ngakhale kumeneko anamuchotsa. Tsono tamvera apa. Lily anali ndi makalata a Bertha oti akanamuyalutsa nawo n'kubwerera pamwamba. Anawaponya pamoto. Ndalama zochepa zimene azakhali ake anamusiyira anabwezera ngongole, n'kufa ali yekha m'kachipinda ka lendi atamwa mankhwala ogonetsa opitirira muyeso. Ndinaliwerenga ndili mnyamata ku koleji ya aphunzitsi, ndipo mpaka lero ndikamva kuti mtsikana wina wamuipitsira mbiri pamudzi, ndimayamba ndafunsa kuti wayambitsa nkhaniyo ali ndi chiyani m'thumba.

Ndiye yankho langa ndi ili. Olemba amenewa sakunena kuti ndalama ndi ufiti wolowa m'magazi. Akutionetsa kuti pali anthu amene akalakwa amalipira ndi ena. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tom anathyola mphuno ya Myrtle ndi dzanja, palibe anamufunsa. Daisy anapha munthu, tsiku lotsatira iye ndi Tom analongedza masutikesi n'kuchoka osasiya adiresi. Gatsby anali ndi ndalama zoti n'kufanana nawo, koma mkhate wokhalapo analibe. Ndiwonjezere mwachidule Theodore Dreiser, amene An American Tragedy yake inatuluka chaka chomwecho cha 1925: mnyamata wosauka, Clyde Griffiths, anapita kunyanja ndi mtsikana wa pafakitale amene anam'patsa mimba, mtsikanayo n'kumira, zonsezi chifukwa maso ake anali pa mwana wa olemera. Clyde anaphedwa ndi boma. Tom ndi Daisy anapitiriza kumwa tiyi.

Mayi wa usipa, Makawa:

Aphunzitsi, zikomo, koma amuna inu nonse mukulira Gatsby. Nanga Myrtle uja wamulira ndani? Ine bukulo ndangolimva pano, koma ndaona kuti wofera pamsewu ndi mkazi wa makanika wosauka, ndipo mwamuna wake anadziwombera. Anthu awiri amenewo mwawadumpha ngati matope.

Ine ndikudziwa la The Pearl la John Steinbeck, chifukwa mwana wanga wamkazi ankaliwerenga pokonzekera mayeso, n'kumandifotokozera tikuyanika usipa pathandala. Kino ndi munthu wa m'madzi ngati amuna athu ano. Mwana wake atalumidwa ndi chinkhanira, dokotala anakana kumuona chifukwa analibe ndalama. Kino atapeza ngale yayikulu, dokotala yemweyo anabwera yekha kunyumba. Ogula ngale m'tauni monse anali a bwana mmodzi, anagwirizana kumupatsa mtengo wonyozeka. Pamenepo ndinamuuza mwana wanga kuti usandifotokozere, izi ndimaziona padoko nsomba zikachuluka, ogula akuluakulu akangonong'onezana, mtengo wa ndowa wagwa. Koma chimene sindiiwala ndi choti Juana, mkazi wake, anaona msanga kuti chinthuchi chiwawononga, anafuna kukachitaya m'nyanja, Kino n'kumumenya. Mwamuna amene anali asanamukwezerepo dzanja chotero. Anataya bwato, nyumba inapsa, mwana anafa ndi chipolopolo. Ndiye musati osauka savunda. Ndaona asodzi akapha bwino mwezi umodzi, ndalama zonse zithera kumowa ndi kwa akazi ena, ana kunyumba alibe ndi yunifolomu yomwe. Kusiyana kwake n'koti wosauka akavunda chilango chimagwera m'nyumba mwake momwe.

Wa ku Malindi:

Mayi, mwandigwira pabwino. Ndabwerera m'bukumo usiku wathawu kukaona za George Wilson ndi Myrtle. Amakhala pamalo otayirapo phulusa, pakati pa nyumba za olemera ndi mzinda, pomwe magalimoto a mabwana amangoima kuthira mafuta. George ankadikira miyezi kuti Tom amugulitse galimoto yakale apezepo kaphindu, osadziwa kuti Tom yemweyo akuyenda ndi mkazi wake. Ndinawadumphadi, ndipo zandipweteka, chifukwa mwa anthu onse a m'bukumo amene ndimafanana nawo kwambiri ndi iwowo.

Aphunzitsi, za mkhate zija ndazimva, ndipo ndikugwirizana nanu kuti Tom ndi Daisy ndiwo oipitsitsa. Ndimawaona Loweruka lililonse. Si onse ayi, alipo alendo aulemu amene amakufunsa dzina ndi za ana ako. Koma alipo ena amene mwana wawo anaswa galasi la chitseko akusewera, iwo n'kunyamuka m'mawa osanena kanthu, ndalama yake n'kudulidwa pamalipiro a mnzanga wokonza m'zipinda. Sanachite mwankhanza. Sanaganizeko n'komwe kuti pali wina adzalipira. Ndi chimenecho chimene ndachipeza mwa Daisy.

Achimwene a ku Joni, pa Gatsby ndasintha pang'ono maganizo. Pali ndime ina imene poyamba ndinangoidutsa. Daisy atayamba kubwera kunyumba kwake masana, Gatsby anachotsa ntchito antchito ake onse tsiku limodzi, kuopa kuti angakambe m'tauni. Anthu amenewo ndi aja bukuli likuti Lolemba lililonse ankakhala tsiku lonse ndi zokolopera ndi mahamala, asanu ndi atatu, kukonza zimene alendo awononga. Lolemba limenelo ndimalidziwa. Mabotolo mumchenga, magalasi osweka, nsalu za patebulo zothimbirira. Mwana wa alimi osauka uja atafika pamwamba, anthu ngati ine sanatione ngakhale pang'ono, maso ake onse anali pa nyali ya tsidya lija.

Komabe chisoni sichinandichoke. Bambo ake atabwera kumaliro anatulutsa kabuku kakale komwe mwana wawo analembamo kumapeto, mu 1906, ndondomeko ya tsiku lake: kudzuka 6 koloko, masewero olimbitsa thupi, kuwerenga, kusunga ndalama pang'ono sabata iliyonse, kusiya fodya, ndi kukhala wabwino kwa makolo. Mkuluyo anaonetsa Nick tsamba limenelo monyadira, mwana ali m'bokosi. Inenso ndinali ndi tsamba lotero kuseri kwa kope langa la masamu ku Malindi, ndipo mayi anga analisunga mpaka lero m'chikwama cha makadi a kuchipatala.

Aphunzitsi, Lachitatu ndili pa ofu ndipo ndibwera ku boma. Ngati la Edith Wharton lija mukadali nalo, ndingakupezeni cha ku mlatho wa Bakili Muluzi tisinthane, inu mutenge la Gatsby. Mayi a ku Makawa, mwana wanu akamaliza nalo la Kino, ndikupempha nawo.