Kodi mafupa okha angatsimikize kuti ndi amalume athu?

Ndikupempha nzeru kwa odziwa zachipatala pagulu pano. Amalume athu anasowa mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anasefukiritsa mtsinje wa Likangala kuno ku Zomba, ndipo thupi lawo silinapezeke. Posachedwapa munthu wina akulima dimba cha kumunsi kwa mtsinjewu anafukula chigaza, fupa la m'chiuno ndi mafupa ena aatali. Amfumu anaitana apolisi, omwe anabwera kudzawatenga.

Akuluakulu akwathu akuti tikapemphe mafupawo tiike maliro, poti agogo akalamba ndipo akufuna kuona manda a mwana wawo. Ine ndikukayika, chifukwa mabanja ena m'mbali mwa mtsinjewu nawonso akusowa abale awo. Amalumewo anali a zaka za m'ma 50, anathyokapo mkono wamanzere atagwa panjinga, ndipo analibe dzino limodzi lakutsogolo. Kodi zimenezi zingaoneke pa mafupa?

Woyankha woyamba: Pepani kwambiri achimwene. Katswiri wa mafupa amayamba ndi fupa la m'chiuno, lomwe limakhala lotambasuka kwa mkazi ndi lopanikizika kwa mwamuna, kenako amayeza fupa la ntchafu kuti ayerekeze kutalika kwa munthuyo. Zaka za munthu wamkulu amangoziyerekeza, mwina kusiyana ndi zaka khumi, choncho musadalire zimenezo. Za mkonozo ndizo zothandiza, chifukwa fupa lothyoka nthawi zambiri limapola ndi kachotupa kooneka. Dzinonso limaulula: ngati linachoka munthu ali moyo, dzenje lake m'nsagwada limatsekeka, koma ngati linagwa atamwalira, dzenjelo limakhala lotseguka. Komabe anthu othyoka mkono ndi ambiri, ndipo madzi osefukira amatha kusakaniza mafupa a anthu angapo pamalo amodzi. Chotsimikizira ndi DNA, imene imasungika bwino m'mano ndi m'fupa la ntchafu. Oyenera kuyezedwa poyamba ndi agogowo komanso ana awo a amalume. Inunso mungathandize ngati muli mwana wa mlongo wawo wa bere limodzi, popeza pali mtundu wa DNA umene umayenda kuchikazi kokha.

Woyankha wachiwiri: Bambo, pemphani amfumu aletse kulima ndi kukumba padimbapo, chifukwa mano ndi timafupa tating'ono timatsalira m'dothi. Pitani kupolisi ndi buku lachipatala la amalumewo, chithunzi chimene akuoneka mano, ndipo mufunse nambala ya failo ndi kumene mafupawo akusungidwa. Maliro muike atayezedwa, chifukwa kufukula manda pambuyo pake kumafuna chilolezo cha boma.