Ndabwerako ku Crete, nazi zimene ndinapeza

Mwezi wa June ndinafunsa ngati pachilumba cha Crete ku Greece pali zochita zina kupatula kuothera dzuwa pamchenga, poti ine kugona pagombe masiku 7 sindingathe. Ambiri munati ndikakhale mumzinda wa Chania osati wa Heraklion. Ndabwerako, ndipo munanena zoona.

Tsiku lachiwiri ndinapita kugombe la Elafonissi. Mchenga wake uli ndi kamtundu kapinki chifukwa cha tizigoba tophwanyika ta tizamoyo ta m'nyanja, koma musayembekezere pinki wa pazithunzi za pa Instagram, amangooneka pang'ono m'mphepete mwa madzi. Madziwo ndi osaya, munthu umawoloka wapansi kukafika pakachilumba. Lawirirani, chifukwa ikamakwana 11 koloko mabasi amakhala atakhuthula anthu.

Chimene sindidzaiwala ndi chigwa cha Samaria. Umayambira pamwamba ku Xyloskalo n'kutsetsereka makilomita pafupifupi 16 mpaka kumudzi wa Agia Roumeli, kumene sikufika msewu wa galimoto, ndiye pobwerera umakwera boti. Pamalo pena makoma amiyala amayandikana kwambiri, mpata wake kungotsala mamita 3 kapena 4, iwe uli pansi ngati nyerere. Ndinayenda maola 6, mawondo anandiwawa masiku awiri. Inu amene munati nsapato wamba zikwanira, ndakukhululukirani, koma pang'ono chabe.

Ku Knossos, komwe kuli mabwinja a nyumba yachifumu yakalekale, ndinangodutsako, dzuwa linali loswa mtengo. Madzulo m'malesitilanti ambiri ukamaliza kudya amakupatsa kwaulere kachakumwa kaukali kotchedwa raki, kachasu wakumeneko. Ine ndinangolawa, musandinenere kwa abusa.