Kodi ndingapemphe bwanji kusintha maola a ntchito kuti ndiziona ana?

Amake Tamanda, Chelstone

Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga amene muli pa ntchito yolembedwa. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina m'tauni muno mu Lusaka, kuyambira 08:00 mpaka 17:00. Mwana wanga woyamba ali mu giredi 2 ndipo amaweruka masana, pamene wachiwiri ali ndi miyezi inayi ndipo akuyamwa. Chifukwa cha kuthithikana kwa magalimoto pa Great East Road madzulo, ndimafika kunyumba kutada, wamkuluyo akuodzera kale homuweki asanalembe. Ndikufuna kupempha kuti ndiziyamba 07:00 n'kumaweruka 16:00, kapena kuti ndizigwirira kunyumba masiku awiri pa sabata, koma ndikuopa kuti abwana angaganize kuti ntchito yanditopetsa. Kodi ndiyambire pati?

Mayi Phiri, Kabwata

Amake Tamanda, ine ndimagwira mu ofesi yoona za antchito, ndipo ndikukulangizani kuti musiyanitse zimene lamulo linakupatsani kale ndi zimene muyenera kuchita kupempha. Lamulo la za ntchito la kuno ku Zambia, Employment Code Act la 2019, limapatsa mayi woyamwitsa nthawi yoyamwitsira mwana tsiku lililonse la ntchito, kaya kawiri kwa mphindi 30 kapena kamodzi kwa ola lathunthu, kwa miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pamene anachira, ndipo malipiro sadulidwa. Inu mwatsala ndi miyezi iwiri, choncho pemphani kuti olalo liikidwe kumapeto kwa tsiku. Lamulo lomwelo limapereka masiku 7 pa chaka osamalira mwana kapena wapabanja amene akudwala, masiku ena 3 a nkhani za chisamaliro, thanzi kapena sukulu ya mwana, komanso tsiku limodzi lopuma pa mwezi, lotchedwa Mother's Day, kwa mkazi aliyense wapantchito.

Kusintha maola ndi kugwirira kunyumba ndi nkhani ya mgwirizano wa inu ndi olemba ntchito. Lembani kalata, ndipo musatalikitse za mavuto a pakhomo. M'malo mwake sonyezani kuti maola anu sachepa, tchulani amene adzalandire mafoni mukachoka, ndipo nenani kuti pa masiku otseka mabuku kumapeto kwa mwezi mudzakhalapo mpaka ntchito ithe. Pemphani kuti ayese kwa miyezi itatu, popeza bwana savutika kuvomera chinthu chimene akudziwa kuti angathe kuchibweza. Akavomera, zilembedwe ndi kusainidwa, chifukwa lonjezo la pakamwa limachoka limodzi ndi bwana amene analipereka.

Atate ake a Dalitso, Matero

Ndikugwirizana ndi Mayi Phiri, koma pa za kugwirira kunyumba ndikuchenjezeni, mayi. Ine ndinayamba kutero mu 2020 nthawi ya Covid-19, ndipo zinkayenda ndithu kufikira chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku damu la Kariba lopangira magetsi ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Wopanda sola kapena inveta ankangoyang'ana laputopu yozima. Ndiponso khanda likakhala pamiyendo, lipoti silitha ndipo mwanayo sasamalika, motero mudzafunabe munthu womulera ngakhale muli m'nyumba momwemo. Kwathu chimene chinathandiza n'kugawana: ine ndimaperekeza ana m'mawa n'kulowa ntchito mochedwerapo, ndipo mayi awo amalawirira kuti akawatenge. Kodi bambo a ana anu anapemphako kuntchito kwawo? Nkhaniyi isakhale ya inu nokha.

Ambuya a Chikondi, Chilenje

Mwanangu, anthu adzakuuzani kuti muitane kamtsikana kuchokera kumudzi ku Chipata kapena ku Petauke kuti kazilera khandalo. Chonde musamulande sukulu mwana wa m'bale wanu pofuna kusunga ntchito yanu, makamaka tsopano pamene sukulu za boma zili zaulere kuyambira mu 2022. Lembani munthu wamkulu, mumulipire pa nthawi yake, ndipo mukaweruka msanga nayenso muzimumasula msanga, pakuti mwina ali ndi ana ake amene akumudikira.

Amake Tamanda, Chelstone

Zikomo kwambiri nonse. Bambo awo amagwira ntchito ya mashifiti, choncho tikambirana usiku uno za masabata amene angathe kumatenga wamkuluyo. Mayi Phiri, kodi kalatayo ndiipereke kwa amene amandiyang'anira, kapena ipite ku ofesi yoona za antchito poyamba?