Kodi analogi ya maginito imathetsadi vuto la padi yoyenda yokha?

Nyenyezi_FC:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mapadi a PS4 ndi PS5 akagwira ntchito miyezi ingapo, analogi yakumanzere (kandodo koyendetsera wosewera) imayamba kuyenda yokha. Chala sichinakhudze, koma wosewera pa sikirini ali pa liwiro kulowera kumzere. Pano pabwera maanalogi olembedwa Hall effect, ena TMR, ndipo ogulitsa akuti amenewo sachita zimenezi mpaka kalekale. Kodi n'zoona? Pa mapadi ogwiritsidwa ntchito tsiku lonse, monga a m'malo olipiritsa gemu ya mpira, kusintha n'kopindula kapena kutsuka n'kokwanira? Ndipo ngati maginito ali abwino chotere, bwanji Sony, Microsoft ndi Nintendo sawaika okha?

WaZamagetsi:

Achimwene, tiyambe ndi zimene zili pansi pa kachipewa ka labala kaja. Analogi wamba ndi kabokosi kachitsulo kokhala ndi tizida tiwiri m'mbali totchedwa potentiometer. Kena kamayeza kumanzere ndi kumanja, kenako kutsogolo ndi kumbuyo. M'kati mwa kalikonse muli kanjira kakuda ka kaboni kokhota ngati chikwakwa, ndi kachitsulo kopyapyala kokwawa pamwamba pake. Kanjirako kamalandira magetsi, ndipo kachitsulo kamatola mavoti molingana ndi pamene kaima. Kakaima pakati kamatola theka. Chipi ya padi imasandutsa mavotiwo kukhala nambala. Pa mapadi a PlayStation nambalayo imayambira pa 0 kufika 255, pakati ndi 127 kapena 128.

Tsono kachitsulo kaja kamakhula kaboni nthawi iliyonse mwagwedeza. Kanjira kamatha pang'onopang'ono, ufa wake n'kumamatira kukachitsulo, fumbi ndi thukuta n'kuwonjezera. Chipi ikawerenga 140 pamene ikanawerenga 128, imakhulupirira kuti mwakankha.

Mu 2021 a iFixit, kampani yophunzitsa kukonza zipangizo, anaonetsa kuti kabokosi ka mu DualSense (padi ya PS5) ndi ka kampani ya ALPS, ka banja lomwelo la RKJXV limene limapezeka mu DualShock 4 (padi ya PS4), m'mapadi a Xbox ndi mu Switch Pro Controller. Opanga ake analemba kuti kamapirira maulendo 2,000,000 ogwedeza ndi maulendo 500,000 odina pakati. Nambala ikumveka yaikulu, koma tawerengani nokha. Tiyerekeze kuti chala chikugwedeza maulendo 80 pa mphindi: ndi maola pafupifupi 417. Padi yosewereredwa maola 8 tsiku lililonse imatha maola amenewo m'masiku 52. Sikuti imafa tsiku lomwelo ayi, koma kuchokera pamenepo muli kunja kwa lonjezo la opanga.

Ya Hall effect ilibe kanjira kokhulidwa. Mmalo mwake muli kamaginito koyenda ndi ndodo, ndi kasensa kosayenda kowerenga mphamvu ya maginitoyo popanda kugundana. Dzinalo linachokera kwa Edwin Hall amene anatulukira zimenezi mu 1879. Ndipo musanamizidwe kuti ndi zadzulo: Sega anaika masensa otere mu padi ya 3D ya Saturn mu 1996 ndi mu padi ya Dreamcast mu 1998. Chimene chinawabwezera pamsika ndi makampani ang'onoang'ono monga GuliKit, ataona dandaulo la anthu pa Joy-Con, mapadi a Nintendo Switch, amene analogi zake zinkayenda zokha.

TMR nayo ndi ya maginito, koma kasensa kake kamagwira mwa njira ina. Kali ndi timagawo topyapyala kwambiri timene timalola magetsi kudutsa mosavuta kapena movutikira molingana ndi kumene maginito aloza. Kamamva kusintha kochepa kwambiri ndipo kamadya magetsi ochepa kuposa ka Hall. Zimenezi n'zofunika pa padi yosinthidwa, chifukwa bodi inapangidwa kuti idyetse potentiometer, imene siifuna magetsi ambiri.

MmisiriWaBodi:

Zimene anena akulu pamwambapa n'zoona, koma mawu oti "mpaka kalekale" ndi a wogulitsa. Maginito amachotsa choyambitsa chimodzi, kutha kwa kanjira. Sipuling'i yobwezera ndodo pakati ikadalipo, timikono ta pulasitiki toyendetsa ndodo tikadalipo, ndipo zonsezi zimatha ngati za analogi ina iliyonse.

Ndiye musanagule kanthu, yezani kaye. Lumikizani padi ku kompyuta ndi chingwe cha USB, tsegulani tsamba lililonse loyezera mapadi pa intaneti, lija loonetsa manambala kuyambira -1 kufika 1. Ikani padi patebulo, osaigwira. Nambala ikamavina yokha, apa 0.03 apa 0.11 apa 0.06, kanjira kada kapena katha. Ikakhala chete, kankhirani ndodo kumanja mpaka mapeto n'kuisiya ibwerere yokha, kakhumi, kenako kumanzere kakhumi. Ikamaima malo osiyana, mwachitsanzo 0.08 pochokera kumanja ndi -0.07 pochokera kumanzere, vuto ndi sipuling'i kapena timikono tolobodoka, ndipo kutsuka sikungathandize. Ikamabwerera pa nambala imodzimodzi koma yosakhala pakati, imangofunika kuiphunzitsa pakati patsopano, osatsegula n'komwe.

Kutsuka kumathandiza pa vuto loyamba lokha. Gwiritsani ntchito isopropyl alcohol ya 90% kapena kuposa, batire litachotsedwa. Pendeketsani kazida kobiriwira kapena kalalanje kam'mbali kaja ndi chinthu chopyapyala, osakazula, chotsani kagudumu koyera kokhala ndi kachitsulo, pukutani kanjira mofewa ndi kathonje. WD-40 wamba musathiremo. Amasiya mafuta, mafutawo n'kumagwira fumbi, ndipo ndi fumbi la mwezi wa Okutobala lija, padi imabwerera itaipa kuposa poyamba. Ngati kanjira kayamba kuwala kapena kaoneka mzere wokumbika, kutsuka kungokupatsani masabata ochepa.

Kusintha kabokosi konse ndiye ntchito yeniyeni. Kali ndi miyendo 14: itatu itatu ya tizida tiwiri tija, inayi ya batani lodina, inayi yogwira chitsulo ku bodi. Inayi yomalizayi ndiyo imavuta, chifukwa inalumikizidwa ku mkuwa waukulu wa m'bodi umene umameza kutentha. Solda (chitsulo chowotcherera miyendo ku bodi) wa kufakitale alibe mtovu, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 217, pamene wa mtovu, wolembedwa 63/37, amasungunuka pa 183. Choncho yambani mwathira solda wa mtovu ndi flux (mankhwala othandiza solda kuyenda bwino) pa mwendo uliwonse kuti asakanizike ndi wakaleyo, ayironi yowotcherera ili pa madigiri 350 mpaka 380, ndi nsonga yotakata, osati yosongoka ngati singano. Kenako yamwani ndi kapampu. Njira yosavuta kwa ongoyamba ndi kudula kabokosi kakaleko zidutswazidutswa ndi kapulayala kodulira, n'kuzula mwendo uliwonse paokha. Chimene chimapha mabodi ambiri ndi kukakamiza: munthu akuona mwendo umodzi ukukana, amapana ndi sikuludiraiva, kamphete kamkuwa ka m'bowo n'kuzuka. Bodi ya DualSense ili ndi magawo angapo m'kati, mwakuti kamphete kakazuka, njira yam'kati yaduka.

Poika katsopano, kakhale pansi bwinobwino. Wotchererani miyendo iwiri yoyang'anana pamakona, onani ngati sikanapendeke, ndipo pokhapo malizani yotsalayo. Kakapendeka ngakhale pang'ono, mbali ina ndodo imafika msanga, mbali ina siifika.

Gulaninso kolembedwa dzina la padi yanu. Miyendo imafanana pa PS4, PS5 ndi Xbox, koma kasensa ka maginito kali ndi mwendo wolandira magetsi ndi wina wotayira, ndipo mabodi sanayalidwe mofanana. Potentiometer siisamala mbali, kasensa kamasamala. Kolakwika kakalowa, analogi imangokhala kukona kapena siiyankha.

Dokotala_wa_Mapadi:

Ndiwonjezere chimene ambiri amaiwala, kenako n'kumanena kuti agula zabodza. Mukasintha analogi, chipi ikadasungabe pakati ndi malire a yakale ija. Pa DualShock 4 ndi DualSense pali chida chaulere cha pa intaneti chotchedwa DualShock Tools, chimagwira pa Chrome kapena Edge, padi italumikizidwa ndi chingwe. Mumayamba ndi pakati, kukankhira ndodo kumakona anayi n'kuisiya monga chikukuuzirani, kenako malire, kuzunguliza ndodo pang'onopang'ono m'mphepete maulendo angapo. Zosinthazo sizikhazikika mpaka mutazisunga, ndipo posungapo chingwe chisachotsedwe. Chitani izi kachipewa katabwezeredwa ndi chikwama cha padi chitatsekedwa, chifukwa mphete ya chikwama ndiyo malire enieni a ndodo.

Chidachi sichigwira pa mapadi okopera. DualShock 4 yeniyeni bodi yake imalembedwa JDM ndi nambala, monga JDM-040 kapena JDM-055, ya DualSense ndi BDM-010, BDM-020 n'kumapita. Padi yokopera musaiwonongere analogi ya TMR, simudzatha kuiwongola.

Pa Xbox pali mbuna ina. Mabatani okoka a LT ndi RT, kuyambira pa Xbox One, amagwira kale ndi maginito. Mukaika analogi ya maginito pafupi nawo, nthawi zina mukakoka batani, nambala ya analogi imasuntha pang'ono. Yezani zimenezi musanatseke: kokani LT mpaka pansi mukuyang'ana nambala ya analogi yakumanzere.

KabazaGamer:

Funso lomaliza lija palibe wayankha. Maganizo anga ndi oti nkhani ndi mtengo ndi chizolowezi. Kabokosi ka ALPS n'kotchipa, kamapezeka kochuluka, ndipo mainjiniya amakadziwa bwino. Pa mapadi mamiliyoni, kusiyana kochepa pa kamodzi kumasanduka ndalama zambiri.

Taonani mmene ayankhira. Sony anatulutsa DualSense Edge mu Januwale 2023 pa madola 199.99. Analogi zake n'za kaboni zomwezija, kungoti anaziika m'kabokosi kozula ndi dzanja, kogulitsidwa padera pa madola 19.99. Ndi nzeru yabwino kwa wosadziwa kuwotcherera, komanso ndi kuvomereza kuti chinthucho chidzatha.  Nintendo, pulezidenti wawo Shuntaro Furukawa anapepesa za Joy-Con mu 2020, ndipo mu 2023 anavomera kukonza mwaulere ku Ulaya ngakhale chitsimikizo chitatha. Koma Switch 2 itatuluka mu Juni 2025, anali atanena kale kuti analogi za Joy-Con 2 si za Hall effect. Mapadi amenewo amamatira ku makina ndi maginito amphamvu, ndiye kasensa ka maginito pafupi pamenepo kangafune chitetezo chapadera.

Palinso njira ina imene vutoli limabisidwira: kamalo kakufa pakati, kamene gemu imanyalanyaza. Mu XInput ya Microsoft, njira imene magemu a pa kompyuta amawerengera padi, nambala ya analogi imafika 32,767, ndipo kamalo kakufa kamene analangiza opanga magemu pa analogi yakumanzere ndi 7,849, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake padi yomweyo imayenda yokha mu gemu ina koma ili phee mu ina. Phindu lenileni la maginito kwa wosewera lili apa: mukhoza kuchepetsa kamaloka osaopa kuvina kwa nambala.

Nyenyezi_FC:

Zikomo nonse, ndamva. Nanga ngati sipuling'i ili bwino, sindingasinthe tizida tam'mbali tokha, osazula miyendo yonse 14?

MmisiriWaBodi:

N'zotheka achimwene, ndipo pa mapadi a bizinesi ndiyo njira yachangu. Kazida kamodzi kali ndi miyendo itatu yokha ndipo siyimeza kutentha ngati ya chitsulo ija. Kapendeketseni kachoke ku kabokosi, sungunulani miyendo itatuyo pamodzi ndi solda wambiri, kokani, yeretsani mabowo, lowetsani katsopano mpaka kamveke kuti thwa.

Samalani nambala yolembedwa pakazidako, yosonyeza mmene kamakanira magetsi. Ta DualShock 4 ndi Xbox ndi ta 10k, timalembedwa 103, pamene ta DualSense ndi tochepa, 2.3k kapena 2.1k. Musasakanize pa analogi imodzi. Pali ogulitsa tizida ta maginito tokha tolowa pa kabokosi kakale, koma timano togwirira timasiyana pakati pa kabokosi ka ALPS ndi ka makampani ena, ndiye yerekezani ndi kakale musanawotcherere.

Pa mapadi ogwira tsiku lonse, ndingati analogi yakumanzere ikani TMR yathunthu, chifukwa ndiyo imazunzika mu gemu ya mpira, yakumanja ingosinthani kazida ikadwala. Onaninso khosi la kachipewa. Likayamba kutulutsa ufa woyera pokhulana ndi mphete ya chikwama, ufawo umagwera m'kabokosi n'kulemetsa timikono, kaya analogi ndi ya maginito kaya ya kaboni. Sinthani kachipewako nthawi yomweyo mwatsegulayo.