Kagemu kanga kakuthamanga mosiyana pa laputopu ndi pa foni, vuto lili pati?

Akuluakulu a pa gulu lino, ndithandizeni. Ndikupanga kagemu ka mu browser ndi JavaScript pa canvas (malo ojambulirapo pa tsamba), kamunthu kodumpha mipanda. Pa laputopu kakuyenda bwinobwino, koma pa mafoni ena kakuliyatsa liwiro ngati kapirikitsidwa ndi galu. Mkati mwa requestAnimationFrame, yomwe imaitana function yanga pa frame iliyonse (nthawi iliyonse sikirini ikamajambulidwanso), muli x += 3, kusuntha kamunthuko mapikiselo atatu. Kuonjezera apo, zithunzi za 16x16 zojambula mu Piskel (pulogalamu yojambulira zithunzi za mapikiselo) ndikazikulitsa zikuoneka mbuu, ndipo pa foni nyimbo sikumveka.

— Achimwene, vuto lagona pa x += 3 pomwepo. requestAnimationFrame imatsatira sikirini. Ya 60Hz imajambula ka 60 pa sekondi, ndiye kamunthuko kayenda mapikiselo 180. Foni ya 120Hz imajambula ka 120, mapikiselo akhala 360. Liwiro muziliwerengera pa sekondi, osati pa frame. Function yanuyo imalandira nthawi m'ma millisecond. Chotseranipo nthawi ya frame yapitayo, yotsalayo mugawe ndi 1000, imeneyo ndiye dt. Mukatero lembani x += 180 * dt. Mphamvu yokokera kamunthu pansi nayonso ichulukitsidwe ndi dt, apo ayi kadumphidwe kazisiyanabe foni ndi foni.

— Anena zoona akuluwa, koma dt ameneyo mumuikire malire. Wosewera akachoka kukayankha uthenga pa WhatsApp, browser imaimitsa kujambula. Pobwerera, dt amakhala masekondi ambirimbiri, kamunthu n'kubowola mpanda osaugunda n'komwe. Lembani dt = Math.min(dt, 0.05).

— Za mbuuzo: browser ikamakulitsa chithunzi imasalaza m'mphepete mwa mapikiselo. Ikanizeni pawiri, ctx.imageSmoothingEnabled = false mu JavaScript (ctx ndi chojambulira cha canvas yanu), ndi image-rendering: pixelated mu CSS ya canvas. Pokulitsa gwiritsani ntchito 2, 3 kapena 4. Mukachulukitsa ndi 2.5 mapikiselo ena anenepa, ena aonda. Ndipo poti x tsopano azikhala ndi zotsalira ngati 41.7, pojambula mumuike mu Math.round.

— Zikomo kwambiri nonse, liwiro lakhazikika. Koma zithunzi zikumaoneka bwino poyamba, ndikangotembenuza foni mbuu uja wabwereranso. Nanga pamenepa?

— Pamenepo ndiye kuti pa resize (sikirini ikasintha kukula) mukusintha canvas.width. Kungoikhudza width kapena height, zonse zomwe munaika mu ctx zimafufutika, imageSmoothingEnabled n'kubwerera pa true. Mzere wa false uja muulembenso pansi pa mzere wosintha kukulawo, nthawi zonse.

— Nyimbo sinaonongeke ayi, bambo. Chrome ndi Safari sizilola tsamba kuyamba kulira lokha munthu asanaligwire. Ikani batani la "Yambani", ndipo audioCtx.resume(), yomwe imayatsa mawu, ikhale mkati mwa click ya batanilo, osati potsekula tsamba. Mundilole ndionjezere chimodzi chomwe simunafunse: zithunzi zonse muziphatikize mu sprite sheet imodzi ya PNG, kutanthauza chithunzi chimodzi chachikulu chokhala ndi tizithunzi tonse. JPG musayerekeze, imadetsa m'mphepete ndipo siisunga malo oonekera. Nyimbo ikhale yaifupi yobwerezabwereza, chifukwa fayilo ya WAV ya mphindi zitatu ingathe kupitirira 30MB, bandulo ya wosewera n'kutha gemu isanayambe.

— Musaiwalenso touch-action: none pa canvas, kupanda apo chala chikamaseweretsa kamunthu tsamba lonse lizitsetsereka nacho.