Thandizeni nzeru: tikutuluka mu ofesi ya lendi, eni nyumba akuti tigumule zomwe tinakonza

Abale anga pagulu pano, makamaka inu amene munachitapo lendi malo a bizinesi, aloya ndi amisiri, ndithandizeni. Mutu waima.

Ndili ndi bizinesi yosindikiza makalendala, timabuku ndi zikwangwani. Kuyambira 2019 takhala tikuchita lendi ofesi yam'mwamba ku Limbe, chakufupi ndi msewu wa Churchill. Tsopano tikusamukira ku Lilongwe, poti makasitomala athu ambiri ndi mabungwe ndi maofesi a boma, ndipo tatopa kutumiza katundu pa basi. Notisi ya miyezi itatu ndinapereka monga pangano likunenera, ikutha kumapeto kwa mwezi uno.

Mmene tinkalowa, malowo anali chiholo chimodzi, pansi simenti yong'aluka, soketi ziwiri basi. Ndi ndalama zathu tinaika matailosi, tinadula zipinda zitatu ndi mabolodi ndi magalasi, tinakoka mawaya a makina, ndipo akuba atatilowera kamodzi tinawotcherera zitsulo m'mawindo. Chilichonse ndinkayamba ndapempha kwa bambo eni nyumbayo. Ndimawaonabe m'maso mwanga ataima pakhomo, akugogoda tailosi ndi ndodo yawo n'kumati, "Mayi, mwandikongoletsera nyumba, pitirizani." Koma zonse zinali zapakamwa. Bambowo anatisiya chaka chatha, pano nyumbayo akuyendetsa ndi ana awo kudzera mwa ejenti.

Lachiwiri ejentiyo anabwera ndi pepala. Akuti tichotse zipinda zonse, titseke mabowo m'khoma, tipente mkati monse ndi masitepe omwe, tisinthe siling'i. Koma matailosi ndi zitsulo za m'mawindo akuti zisakhudzidwe, ndi za nyumba tsopano. Apa ndi pamene pakundiwawa. Ngati akufuna nyumba yawo monga tinaipezera, bwanji akusankha zonona zokhazokha? Pangano lili m'Chingerezi, likuti ndibweze malowo mmene ndinawapezera, kupatula "fair wear and tear". Ine ndimamva kuti mawu amenewa akunena kutha kwa zinthu chifukwa chogwiritsa ntchito bwinobwino, monga penti kusuluka. Ndiye kupenta ndi kwanga kapena kwawo? Masitepe timadutsapo ndi anthu a maofesi ena atatu.

Za siling'i ndiye sindikuvomera. Denga lakhala likudontha nyengo ya mvula iliyonse, pakona ya kumadzulo bolodi inachita kufufuma n'kuda bii, tinkatchera ndowa pambali pa makina. Mauthenga a pa WhatsApp odandaula za dengalo ndili nawo kuyambira 2021. Kodi amenewa angakhale umboni?

Nkhani ina ndi dipoziti. Ndinapereka K500,000, lendi ya miyezi iwiri pa nthawiyo. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kuigwetsanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye ndalama imeneyo lero ndi yoti ithere pa penti ndi mmisiri wake. Koteshoni imene ejenti wabweretsa ikupitirira K3 miliyoni, ndipo akuti akadula dipoziti, ndalama yotsalayo ndilipire ndisanatsitse makina. Mmisiri wanga wayendera n'kunena kuti ntchito yomweyo sifika theka la mtengowo. Kodi ndili ndi ufulu wogwiritsa ntchito mmisiri wanga? Nanga angatseke chitseko katundu wanga ali mkati, ine ndilibe ngongole ya lendi ngakhale tambala?

Sindikufuna kuchoka ngati wothawa. Banja limeneli linatisunga bwino, nthawi ya Covid malemu anatikhululukira lendi ya mwezi wathunthu. Zimene ndinaononga ndikonza ndi mtima umodzi: mabowo a mashelefu, inki imene inatayikira pakhoma, chikwangwani chakunja ndichotsa. Mita ya ESCOM ndi yamayunitsi, bilu ya madzi ndalipira. Koma kugumula zipinda zabwinobwino kukundipweteka, makamaka poti munthu amene akufuna kulowamo, ali ndi sukulu ya makompyuta, wandiuza yekha kuti zipindazo akuzifuna.

Zowonjezera: zikomo nonse amene mwayankha. Amene mwafunsa za zithunzi, polowa sitinalembe mndandanda wa mmene malowo analili, koma ndapeza zithunzi zitatu za tsiku lotsegulira, simenti yong'alukayo ikuoneka bwino kuseri kwa anthu. Achimwene amene mwati ndisapereke makiyi tisanayendere limodzi chipinda ndi chipinda n'kusainirana, ndamva, nditero ndipo ndijambula kanema. Amayi amene mwati ndikumane ndi ana a malemu maso ndi maso, osadalira ejenti yekha, ndaimbira mwana wawo wamkulu, wavomera Loweruka m'mawa. Loya ndikamuona Lachisanu ndi pangano lonse m'manja.

Chimene chatsala ndi ichi. Ngati titagwirizana kuti zipindazo zitsale, wolowayo azilandire mmene zilili, kalatayo tisaine atatu tonse kapena ine ndi eni nyumba okha? Ndipo tilembemo mawu otani kuti chaka chamawa asadzanditsate ku Lilongwe ndi bilu yogumulira? Amene munalembapo kalata yotere, chonde ndiuzeni lisanafike Loweruka.